Kamera ya vidiyo yogula ku America: kodi igwira bwino kuno?

Bambo a Tadala, Chilomoni:
Mwaswera bwanji nonse. Ndabwera ndi nkhani yofuna nzeru zanu ndisanataye ndalama. Achemwali anga amene amakhala ku Indiana, ku America, akubwera kumudzi mu December, ndiye ndinawapempha kuti andigulire kamera ya vidiyo komweko. Ndalama yake ndakhala ndikusunga zaka ziwiri, ina mayi a kunyumba andiwonjezera ya ku banki m'khonde. Ntchito yake ndi maukwati, zinkhoswe ndi mapemphero a ku tchalitchi kwathu. Apeza Canon Vixia HF G70, anditumizira chithunzi cha bokosi, ndipo mtengo wake ndaukwanitsa. Koma dzulo mnzanga wina ku Ginnery Corner wandiuza kuti makamera a ku America ndi a NTSC, mtundu wa TV wa kumeneko, kuno sagwira. Nditamufunsa kuti sagwira bwanji, walephera kulongosola, wangoti "mudzaona nokha". Usiku wonse sindinagone bwino. Achemwali akufuna yankho pofika Loweruka. Amene mukudziwa, thandizeni chonde.

Jnr wa ku Ndirande:
Biggie, gulani basi. Za PAL (mtundu wa TV wathu kuno) ndi NTSC zinapita ndi matepi. Masiku ano kamera imalemba pa memori khadi, fayilo yake ndi MP4, laputopu iliyonse imatsegula. YouTube, Facebook, WhatsApp zimalandira chilichonse. TV za masiku anonso mukalowetsa fulashi zimasewera osafunsa kuti kanemayo wachokera dziko liti. Mnzanuyo akukuopsezani ndi nkhani zakale.

Anaphiri a kwaya, Zingwangwa:
Ndikutsatira nawo, ife a Mvano tikufunanso kugula yathu chaka chamawa.

Ankolo a Mavidiyo, Limbe:
Mphwanga wa ku Ndirande, zimene wanenazo theka lake ndi zoona. Kamerayo iyaka, ijambula, fayilo itseguka. Koma Bambo a Tadala sanafunse za kamera yojambulira ana pabwalo masana. Anena maukwati, ndipo ukwati wa kuno umathera mu holo, dzuwa litapendeka, magetsi atayatsidwa.

Ndikuuzeni zimene zinandigwera ine. Ndinagula Sony Handycam kwa bambo wina amene anabwera nayo kuchokera ku America. Ndinaiyesa pakhomo pake masana, ndinajambula mtengo wa mango ndi nkhuku zikudutsa, chithunzi chake chokongola kwabasi. Ndinalipira pompo. Loweruka lotsatira ndinapita nayo ku ukwati. Ku tchalitchi zonse zinali bwino chifukwa kuwala kumalowera pa mawindo. Madzulo tinalowa mu holo ina ya machubu aatali aja kudenga. Pa kasikirini ka kamera ndinaona ngati chithunzi chikuphethira pang'ono, ndinangoti ndi kutopa kwa maso. Nditafika kunyumba n'kuika pa kompyuta, mtima unandigwa. Diresi la mkwatibwi limati kuyera, kenako kubiriwira pang'ono, kenako kuyeranso, osalekeza. Khoma la kumbuyo kwa akwati limaoneka ngati likupuma. Perekaniperekani yense, kudula keke, malangizo a ankhoswe, zonse choncho.

Mayi a mkwatibwi atabwera kudzatenga, anakhala pa mpando kuonera mphindi zingapo ali chete. Kenako anavula magalasi, n'kuwapukuta ndi chitenje, n'kuvalanso. Anandifunsa mwaulemu kuti, "Achimwene, vuto ndi maso angawa kapena?" Mawu amenewo mpaka lero ndimawamvabe. Ukwati subwerezedwa. Ndinawabwezera gawo la ndalama, koma tsiku la mwana wawo sindikanatha kuwabwezera.

Bambo a Tadala, Chilomoni:
Ankolo, pepani kwambiri. Chimenecho ndiye ndikuchiopa. Koma chimachititsa n'chiyani? Kamera inali yowonongeka?

Aphunzitsi a sayansi, Soche:
Sinali yowonongeka ayi, achimwene. Inapangidwira magetsi ena. Ndilongosole pang'ono, mundipirire.

Magetsi athu a ESCOM ndi a 50 Hz, 230V. Ndiye kuti mphamvu yake imapita uku n'kubwerera uku maulendo 50 pa sekondi. Chubu, kapena babu la LED lotchipa, limawala n'kuzilala kawiri pa ulendo uliwonse, kutanthauza maulendo 100 pa sekondi. Diso la munthu siliona zimenezi, koma kamera imaona. Ku America magetsi awo ndi a 60 Hz, nyali zawo zimaphethira maulendo 120. N'chifukwa chake kuyambira kale TV ya kumeneko inamangidwa pa 60, pamene ya ku Ulaya ndi yathu kuno inamangidwa pa 50.

Kamera ya 50 ikamajambula pa shutter ya 1/50 (ndiye kuti imalowetsa kuwala kwa gawo limodzi mwa magawo 50 a sekondi), fulemu iliyonse, kutanthauza chithunzi chimodzi mwa zimene zimapanga kanema, imalandira kuphethira kuwiri kwathunthu. Kuwala kumakhala kofanana fulemu iyi ndi inzake, chithunzi chimakhazikika. Kamera ya 60 ikamajambula pa 1/60 pansi pa nyali zathu, fulemu imalandira kuphethira kumodzi ndi zigawo ziwiri mwa zitatu za kwina. Kotsalako kumagwera fulemu yotsatira, ndiye ina imawala kwambiri, ina pang'ono. Makamera a masiku ano, a sensa ya CMOS, amawerenga chithunzi mzere ndi mzere kuchokera pamwamba kutsika, choncho nthawi zambiri mumaona mizere yakuda yopingasa ikuyenda pang'onopang'ono pa nkhope za anthu.

Komanso ya ku America si 60 yeniyeni, ndi 59.94, ndipo 30 yawo ndi 29.97. Anachotsapo kachidutswa mu 1953 pamene amaika mitundu pa TV kuti mawu ndi mitundu zisasokonezane. PAL inabwera pambuyo, inakonzedwa ndi Walter Bruch wa kampani ya Telefunken ku Germany, n'kuyamba kuwulutsidwa mu 1967. Mayina akalewo ndi amene anthu akugwiritsabe ntchito, koma pa kamera ya HD mukamva PAL muzimva mafulemu 25 kapena 50, mukamva NTSC muzimva 30 kapena 60.

Jnr wa ku Ndirande:
Aphunzitsi, ndamva. Koma nanga foni yanga bwanji imajambula pa 30 mu holo zomwezo, siphethira? Ndipo mankhwala ake alipo, mungoika shutter pa 1/100 basi, kuphethira kumatha. G70 imalola kusintha shutter ndi manja. Munthu asiye mtengo wabwino chifukwa cha batani limodzi?

Aphunzitsi a sayansi, Soche:
Ukunena zoona mphwanga, 1/100 imagwira, chifukwa fulemu iliyonse imalandira kuphethira kumodzi kwathunthu. Mafoni ambiri amachita zimenezi okha, amazindikira nyali n'kusankha shutter yogwirizana nayo. Koma 1/100 ili ndi mtengo wake. Imalowetsa theka la kuwala kumene 1/50 imalowetsa. M'matchalitchi mwathu ambiri muli machubu anayi kapena asanu holo yonse. Ukachepetsa kuwala ndi theka, kamera imakweza gain, kuwalitsa chithunzi ndi mphamvu ya mkati mwake, chithunzi chimadzaza timadontho ngati mchenga, makamaka pa masuti akuda ndi pa nkhope.

Ankolo a Mavidiyo, Limbe:
Ndipo kumbukira kuti tsiku la ukwati mutu umakhala pambiri. Akwati akutuluka mu tchalitchi, uli padzuwa. Mphindi khumi uli m'galimoto, kenako ku malo ojambulira zithunzi, kenako mu holo anthu alowa kale akuvina. Ukaiwala kamodzi kubweza shutter, kulowa kwa akwati kwapita. Kamera ya 50 ukaisiya pa auto kawirikawiri imakupulumutsa yokha.

Nabanda wa editing, Namiwawa:
Moni nonse. Ine za kuphethira sindiwonjezera, Aphunzitsi amaliza. Ndikufuna ndinene za kumene ine ndimakhala tsiku lonse, pa kompyuta, chifukwa vuto lachiwiri limatulukira kumeneko ndipo lilibe batani.

Bambo a Tadala, ukwati waukulu simudzajambula nokha. Mudzaitana mnzanu ndi kamera yake, wina kutsogolo wina kumbuyo, mwina ndi wa drone. Anzanu ambiri mu Blantyre muno makamera awo ali pa 25 kapena 50. Mukabweretsa 29.97 yanu, ine ndiyenera kusankha timeline imodzi, ndiye kuti liwiro limodzi la mafulemu pa kanema yense. Ndikasankha 25, pulogalamu imataya fulemu imodzi pa zisanu ndi imodzi zilizonse za kamera yanu. Abusa akaima pa guwa kulalikira simuona kanthu. Koma kamera ikamayenda kuchokera kumanzere kupita kumanja kuonetsa anthu, kapena aperekezi akamalowa ndi sitepe, chithunzi chimadumphadumpha ngati wina akuchikoka ndi chingwe. Ndikasankha 29.97, ndiye makamera a anzanuwo amene amavutika, chifukwa pulogalamu imabwereza mafulemu ena kuti akwane.

Premiere ndi DaVinci Resolve zili ndi optical flow, imene imapanga mafulemu atsopano pakati. Imathandiza, koma laputopu yaing'ono imatha usiku wonse ikulira, ndipo pamene pali manja ambiri akuponya ndalama m'mwamba imasokonezeka, zala zimaoneka ngati zasungunuka. Mwezi wathawu ndinalandira ntchito ya chinkhoswe ya makamera atatu, awiri a 50p (mafulemu 50 pa sekondi), imodzi ya 59.94. Ntchito ya masiku awiri inanditengera asanu, ndipo mwini wake sanamvetse chifukwa chake ndachedwa.

Ndisaiwale ubwino wake umodzi. 59.94p mukaitsitsa pa timeline ya 25 imapereka slow motion yosalala bwino, yochedwa kuposa ya 50p. Ya kupsompsonana kapena kuponya maluwa imakoma. Koma munthu sagula kamera yake yoyamba chifukwa cha masekondi makumi awiri amenewo.

Jnr wa ku Ndirande:
Sisi Nabanda, ine ndimaedita pa CapCut, zonse 30, sindinavutikepo.

Nabanda wa editing, Namiwawa:
Chifukwa zako zonse zimachokera pa mafoni, achimwene, ndipo zimathera pa mafoni. Pamenepo ulibe vuto, pitiriza. Bambowa akulowa msika wina, wa makamera osakanikirana ndi kanema wa maola atatu woonera pa TV yaikulu ndi banja lonse.

Anaphiri a kwaya, Zingwangwa:
Ndifunse nawo pomwepo anzanga. Ife tikajambula nyimbo timafuna zinthu ziwiri: ma DVD oti tigulitse kwa akhristu, chifukwa akuluakulu ambiri akadali ndi ma DVD player m'nyumba, ndiponso kupititsa ku ma TV kuti azitiika pa mapulogalamu a nyimbo za uzimu. Pamenepa zikhala bwanji?

Nabanda wa editing, Namiwawa:
Amayi, pa DVD mpamene mayina akale aja akadali ndi mano. DVD ya PAL ndi 720 kwa 576, mafulemu 25. Ya NTSC ndi 720 kwa 480, mafulemu 29.97. Ma player ambiri amene ali m'nyumba kuno amasewera zonse ziwiri, koma akalumikizidwa ku TV yakale yamsana ija, ena amatulutsa chithunzi chopanda mitundu kapena chogudubuzika. Komanso taonani manambalawo, ya PAL ili ndi mizere yambiri, chithunzi chake chimaoneka bwinoko. Mukajambula pa 25 kapena 50, kupita ku DVD ya PAL n'kongotsetsereka.

Ku ma TV nakonso, kaya ndi MBC, Times, Zodiak kapena Mibawa, dziko lathu ndi la 50, ndipo kuwulutsa kwa digito kwa DVB-T2 kumene timaonera pa madikoda a Kiliye Kiliye sikunasinthe zimenezo. Mukapereka kanema wa 29.97, penapake asinthidwa kuti akhale 25, ndipo kwaya ikamavina, kudumpha kuja kuoneka. Musanajambule, imbani ku siteshoni mufunse mtundu wa fayilo imene amalandira.

Anaphiri a kwaya, Zingwangwa:
Zikomo mwana wanga, ndalemba m'kope. Ndikawauza amayi Lachinayi.

Achimwene a ku Joni:
Ndalowa mochedwa, ndinali ku ntchito. Bambo a Tadala, chinthu chophweka choti muzindikire ndi dzina la pa bokosi. Canon kamera yomweyo amaitcha mayina osiyana malinga ndi msika. Vixia ndi ya ku America, ya 60. Legria ndi ya ku Ulaya, kuno ku South Africa ndi maiko ena a 50. Ya ku Japan amaitcha iVIS. Ndiye G70 imene mwaikondayo ilipo ya Legria HF G70: lenzi yomweyo ya zoom ya 20, malo awiri a memori khadi, kungoti 4K yake ndi 25p ndipo HD yake imafika 50p. Ma Handycam a Sony a 50 nthawi zambiri amakhala ndi E kumapeto kwa nambala, monga HDR-CX405E kapena FDR-AX53E. Yopanda E muikayikire.

Maiko a 50 amene anthu athu amagulako katundu ndi South Africa, UK, Dubai, China, India ndi Australia. A 60 ndi America, Canada, South Korea, Taiwan, ndipo makamera a ku Japan nawonso ndi a 60. Koma ku Dubai ndi pa masitolo a pa intaneti samalani, chifukwa amasakaniza katundu wa misika yonse. Dziko limene mwagulako si umboni, umboni ndi menyu ya kamerayo.

Bambo a Tadala, Chilomoni:
Ndiye Vixia singasinthidwe kukhala ya 50? Ndinamva kuti kuli anyamata amaika software ina.

Achimwene a ku Joni:
Musayerekeze, achimwene. Makamera aang'ono ngati amenewa amabwera atatsekedwa ku mbali imodzi. Mukalola munthu kuilowetsa zachilendo mukhoza kutsala ndi chidina chosayaka, walanti itathera pomwepo. Makamera amene amasintha mwalamulo ndi akuluakulu a ntchito aja. Panasonic HC-X1500 ndi HC-X2000 ali ndi System Frequency pa menyu, mumasankha 59.94 kapena 50. Sony PXW-Z90 ilinso ndi posankha 60i kapena 50i. Amenewo mukhoza kugula ku America osaopa, koma mtengo wake ndi wina. Ngakhale pamenepo, achemwali atsegule buku la kamerayo pa intaneti aone ndi maso awo asanalipire.

Ankolo a Mavidiyo, Limbe:
Zosintha zinalipo kuyambira nthawi ya matepi. Sony HVR-Z1 ija ya HDV imasintha 50 ndi 60, n'chifukwa chake atolankhani oyenda maiko ankaikonda. Ndikuonabe ena akugulitsa makamera a matepi amenewo motchipa pa magulu a malonda. Achinyamata musakopeke ndi kukula kwake. Matepi a MiniDV akusowa, ndipo kuti mutsitse kanema pamafunika polumikizira chingwe cha FireWire, pamene malaputopu a lero alibe. Tepi ya ola limodzi imatenganso ola lathunthu kutsitsa.

Che Bakili wa mawaya, Bangwe:
Za ku Japan zija ndionjezepo. Mlamu wanga anaitanitsa Sony yogwiritsidwa kale ntchito kuchokera ku Japan, inabwera pamodzi ndi galimoto. Kamera yabwino, yosakalamba, koma menyu yonse ndi Chijapani ndipo palibe posinthira kupita ku Chingerezi. Ma Sony opangidwira msika wa m'dziko la Japan amabwera choncho. Mpaka lero amaloza foni pa sikirini kuti imumasulire akafuna kusintha kanthu. Pa ukwati nthawi imeneyo ilipo?

Za magetsi musade nkhawa kwambiri. Tembenuzani chaja muwerenge timalemba ta kumbuyo. Mukaona 100-240V, 50/60Hz, ndiye kuti igwira kuno, chofunika ndi adaputa yokha, chifukwa pulagi ya ku America ndi ya mano awiri afulati, ya ku Joni ndi ya mano atatu obulungira, pamene masoketi athu ndi a mano atatu a makona ngati a ku UK. Gulani adaputa yolimba, osati zija zogwedera zimene zimathetheka. Mukaona 110V kapena 120V yokha, musalowetse pakhoma, ipsa nthawi yomweyo.

Jnr wa ku Ndirande:
Chabwino, ndayesa. Ndatsegula kamera ya pa foni pa manual, ndaika shutter pa 1/60, ndaloza babu la LED la m'chipinda mwanga. Mizere yakuda ikutsika pa khoma bwinobwino. Ndaika 1/50, yatha. 1/100, yatha. 1/125 yabweranso kwambiri. Aphunzitsi, ndavomera. Koma ndikuimabe pa mawu anga kuti amene ntchito yake ndi YouTube ndi TikTok yokha, ndipo amajambula yekha, kamera ya 60 simuvutitsa akadziwa shutter.

Aphunzitsi a sayansi, Soche:
Pamenepo sindikutsutsa. Ndipo wachita bwino kuyesa wekha. Amene muli ndi iPhone, mu Settings, pa Camera, pa Record Video, pali Show PAL Formats. Mukayatsa, foni imakupatsani 25, ndiye kanema wa pa foni amalowa bwino pamodzi ndi wa makamera.

Ndichenjezenso kuti kamera ya 50 si chishango pa chilichonse. Magetsi akathima n'kuyatsa jenereta yaing'ono, liwiro la injini limakwera n'kutsika malinga ndi katundu. A zoimbira akakweza mabezi, jenereta imabuula, 50 ija imasuntha, ndipo mizere imatha kuoneka ngakhale pa kamera yoyenera. Mapulojekita ndi masikirini akuluakulu a LED amene matchalitchi ena aika kutsogolo alinso ndi kuphethira kwawokwawo. Makamera akuluakulu ali ndi posinthira shutter pang'onopang'ono mpaka mizere ithe, Canon amati Clear Scan, Panasonic amati Synchro Scan. Kwa ife a makamera aang'ono, chothandiza ndi kukhala ndi nyali yakoyako ya LED ya batire yowunikira akwati.

Che Bakili wa mawaya, Bangwe:
Kwa amene mumapanga live ku tchalitchi, ATEM Mini, switcher yosankhira pakati pa makamera angapo, imasintha yokha chilichonse cholowa pa HDMI kuti chifanane, ndiye kamera ya 60 ilowa ndithu pakati pa a 50. Koma kulowa n'kwina, kusalala n'kwina. Kudumpha kumene anena a Nabanda kumaonekabe ikamayenda. Ma switcher ena akale amangokana, sikirini bii.

Bambo a Tadala, Chilomoni:
Anthu inu mwanditsegula m'maso. Ndalankhula ndi achemwali pa foni tsopano lino. Poyamba anakhumudwa pang'ono, chifukwa anayenda mtunda kukaiona kamerayo ndipo amafuna kudzandipatsa m'manja ngati mphatso. Afunsanso funso limene sindinathe kuyankha: akuti ndikamajambula pa 25, iwo ku America adzatha kuonera mavidiyo a kumudzi? Chifukwa chaka chamawa kuli ukwati wa mphwathu ndipo mwina sadzabwera.

Nabanda wa editing, Namiwawa:
Auzeni asade nkhawa. Mukawatumizira pa YouTube, pa WhatsApp kapena pa Google Drive adzaonera bwinobwino pa foni, pa laputopu ngakhale pa smart TV. Chokhacho musawatumizire DVD ya PAL, chifukwa ma player ndi ma TV ambiri a ku America amakana 50. Athu kuno ndi amene amalandira zonse.

Achimwene a ku Joni:
Ndipo mphatso isafe ayi. Pali zambiri zimene angakugulireni ku America zosasamala za 50 kapena 60. Mabatire a BP-828 amalowa mu Vixia ndi mu Legria momwe, ndipo pa ukwati mumafunika osachepera awiri. Maikolofoni yopanda waya yoika pa jekete la mkwati, tripod yolimba, chikwama, nyali imene anena Aphunzitsi. Mabatire awanyamule m'chikwama cha m'manja, a ndege salola mabatire a lithium apadera mu sutikesi yopita pansi. Asungenso malisiti onse, pa Chileka a MRA akafunsa za msonkho pasakhale kulimbana pa mtengo.

Memori khadi agule ku sitolo yodziwika, yolembedwa U3 kapena V30 (chizindikiro cha liwiro lake) ngati mudzajambula 4K. Makhadi abodza achuluka, amalemba 128GB pamwamba koma mkati mulibe, ndipo amadzaonekera tsiku la ntchito mafayilo atakana kutseguka.

Ankolo a Mavidiyo, Limbe:
Pa makhadi pomwepo, kwa amene muli ndi makamera a AVCHD, mtundu wa mafayilo uja anayambitsa Sony ndi Panasonic mu 2006. Pa 24 Mbps ola limodzi limadya pafupifupi 11GB, ndiye khadi ya 32GB ndi maola atatu osakwana bwino. Ndipo pokopera musamangotola mafayilo a MTS m'kati. Koperani foda yonse ya PRIVATE momwe ilili. Kamera imadula ulaliki wautali m'zidutswa, ndipo mukatola chimodzichimodzi, polumikiza pamasowa kamawu. Ndaona anthu akulira ndi malumbiro a akwati odukira pakati.

Anaphiri a kwaya, Zingwangwa:
Nanga aja timawaona pa intaneti olembedwa 4K, 48MP, otchipa kwambiri, opanda dzina la kampani lodziwika? Msungichuma wathu anawaona ndipo akuti tigule awiri.

Nabanda wa editing, Namiwawa:
Amayi, chonde ayi. Ndalandirapo kanema wa makamera amenewo. Mkati mwake muli kasensa kochepa, zoom yake ndi yongokuza chithunzi mpaka kuphwanyika, mu holo simuona nkhope. Bola foni yabwino pa tripod. Sonkhanitsani ndalama ya awiriwo mugule imodzi ya Canon, Sony, Panasonic kapena JVC, ngakhale yogwiritsidwapo kale ntchito, bola ya 50.

Bambo a Tadala, Chilomoni:
Tagwirizana tsopano. Achemwali atumiza ndalama ya kamera kwa alamu anga amene ali ku Johannesburg, iwo akagule Legria HF G70 ku sitolo yeniyeni yopereka lisiti ndi walanti, adzabwera nayo pa basi ya Khirisimasi kudzera pa Mwanza. Ku America achemwali agula mabatire awiri, maikolofoni ndi makhadi. Mtengo wa ku Joni wakwererapo, ndiye tripod ndiyamba ndabwereka ya ku tchalitchi. Achimwene a ku Joni, alamu angawo za makamera sadziwa chilichonse. Ndiwauze kuti akaone chiyani asanapereke ndalama?

Achimwene a ku Joni:
Akaone kuti pa bokosi ndi pa kamera penipeni palembedwa Legria. Apemphe wogulitsa aike batire, ayatse, atsegule menyu pa Frame Rate. Pakaoneka 25.00P ndi 50.00P ndi yomweyo. Pakaoneka 29.97P kapena 59.94P abweze, ngakhale wogulitsa anene zotani. Akujambulireni kavidiyo ka menyuyo pa foni akutumizireni muone nokha asanalipire. Nambala ya siriyo ya pansi pa kamera ifanane ndi ya pa bokosi ndi ya pa lisiti. Walanti ya ku South Africa ikadzafunika, kamerayo idzayenera kubwerera konkuno, ndiye lisiti lisatayike. Ngati ali mbali ya kuno ndikhoza kuwaperekeza Loweruka m'mawa, ndilembereni ku inbox.

Bambo a Tadala, Chilomoni:
Ambuye akudalitseni achimwene, ndikulemberani pompano.

Ankolo a Mavidiyo, Limbe:
Ikafika musathamangire nayo ku ukwati. Mubwere nayo kuno ku Limbe madzulo, cha m'ma 6 koloko kukada. Ku shopu kwanga kuli chubu chakale chija ndi mababu a LED a mitundu iwiri, ndipo jenereta ndili nayo. Tidzajambula nsalu yoyera pansi pa nyali iliyonse, tidzaonera pa TV yaikulu, ndikuonetseni pamene shutter imakhala. Mubwere ndi khadi yanu ndi mabatire onse atachajidwa.